Mphamvu Zomwe Japan Idabisa mu Injini

Nkhani yowonjezera mphamvu pa galimoto ya turbo ine ndimaiyambira mu 1989. Chaka chimenecho makampani opanga magalimoto ku Japan adagwirizana, popanda lamulo lowakakamiza, kuti asamalengeze galimoto yopitirira 280 PS, ati pofuna kuchepetsa ngozi zapamsewu. Mgwirizanowu udakhalapo mpaka 2004.

Koma mu 1989 momwemo Nissan idatulutsa Skyline GT-R R32, ya injini ya RB26DETT, malita 2.6, ma turbo awiri, yopangidwira mpikisano. Pa mipikisano 29 ya Group A ku Japan, kuyambira 1990 mpaka 1993, siidagonjepo. Yogulitsa kwa anthu idali injini yomweyo, adangoimanga miyendo. Makampani ngati HKS ankakweza boost, kusintha kompyuta ya injini ndi kuwonjezera mafuta, buloko yachitsulo ija n'kupirira ndithu. Toyota Supra ya 1993 nayo idali choncho.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anzanga oganiza kuti turbo iliyonse idabisa mphamvu. Kagalimoto kopangidwira kusunga mafuta sadakasiyire mpata wotere. Mukakakwezera boost, kutentha kumakula, petulo amaphulika nthawi isanakwane, pisitoni n'kusungunuka.