Manda a ku Joni: Asilamu a ku Malawi ndi Nkhani ya Koika Maliro

Kale mwamuna wa ku Mangochi kapena ku Machinga akanyamuka ulendo wa ku Joni, abale ake ankaopa zinthu ziwiri: kuti akatchona, ndiponso kuti akafera kutali. Chachiwirichi ndicho chinkawawa koposa, pakuti kwathu munthu amayenera kugona pakati pa makolo ake. Koma Msilamu ali ndi lamulo linanso, limene siliyang'ana kutalika kwa ulendo: womwalira asambitsidwe, akulungidwe m'nsalu yoyera, apemphereredwe ndi kuikidwa msanga, ngati n'kotheka tsiku lomwelo.

M'masiku a Wenela panalibe wofunsa maganizo a banja. Amuna ochokera kumayiko otentha ankafa ndi chibayo m'migodi ya golide mochuluka kotero kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba ntchito anthu a kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, ndipo Nyasaland inali momwemo. Chiletsocho chitafewetsedwa m'zaka za m'ma 1930, ulendo unayambiranso. Womwalira ankaikidwa pafupi ndi mgodi. Kumudzi kunkangofika uthenga. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, Kamuzu Banda anaimitsa Wenela. Theba inatenga malo ake mu 1977, nayonso n'kuleka mu 1988.

Amene anapita pambuyo pa 1994 anapita paokha, ndipo ambiri mwa Asilamu anapeza ntchito m'masitolo ndi m'makomo a amwenye ku Fordsburg ndi ku Mayfair. Anapeza mzinda wozolowera kale maliro a Chisilamu. Manda a Braamfontein, amene anatsegulidwa mu 1888, anali ndi chigawo cha Asilamu. A Westpark, a mu 1942, alinso nacho. Kumeneko mwambo sukutaya nthawi. Amuna amasambitsa mwamuna, akazi mkazi. Mwamuna amakulungidwa m'nsalu zitatu, mkazi zisanu. Pemphero la maliro limachitika choimirira, popanda kuwerama kapena kugunditsa mphumi pansi, ndipo Mulungu amakuzidwa kanayi. M'dzenje mtembo umagonekedwa chakumanja, nkhope italoza ku Makka. Wolemera ndi wantchito wake amavala nsalu yofanana, ngakhale kuti ali moyo mwina sanadyerepo m'mbale imodzi.

Vuto limayamba foni ikalira kuchokera kumudzi. Amalume, eni mbumba, afuna mwana wawo abwere. Kuti mtembo udutse malire, uyenera kukonzedwa ndi mankhwala, kutsekeredwa m'bokosi ndi kupezeredwa zikalata. Kenaka uyende masiku angapo kudzera ku Beitbridge, Zimbabwe ndi Tete mpaka ku Mwanza. Mashehe ambiri amaona kuti zonsezi n'kuzunza womwalira. Achibale amaona kuti kumusiya ku Joni n'kumutaya kachiwiri. Anzake a malemu, amene amasonkha ndalama pa malipiro awo ochepa, ndiwo amatsala pakati. Sindiona kuti pali mbali imene ikulakwa. Onse akufuna kulemekeza munthu mmodzi yemweyo.

Tisaganize kuti kusiyana maganizo pa za maliro kunayambira kunja. Asilamu a ku Nyasaland anali atagawikana kale pa nkhaniyi m'nthawi ya atsamunda. A Kadiriya ankaperekeza maliro ndi sikiri, kutchula dzina la Mulungu mokweza ndi mwanthetemya, atanyamula mbendera. Ena anati pamaliro payenera kukhala bata, ndipo anatchedwa a Sukuti, kuchokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kukhala chete. Anatsutsananso za sadaka, chakudya chophikidwa pokumbukira womwalira, makamaka pa tsiku la 40. Mnyamata wokulira m'banja la Kadiriya akafika mu Johannesburg, m'mene misikiti yambiri imatsata chiphunzitso cha ku Deoband ku India, amapeza kuti maliro amayenda mwakachetechete, monga momwe a Sukuti ankafunira. Mkangano wa agogo ake amaupeza utagamulidwa ndi anthu amene sanamvepo za Makanjira.

Mabanja ena tsopano amagawa mwambo pawiri. Thupi limaikidwa ku Joni dzuwa lisanalowe, ndipo ndalama zimene zikanalipira galimoto zimatumizidwa kumudzi kuti akaphike sadaka. Kumeneko shehe amawerenga, mpunga umadyedwa, akazi amalira pakhonde pa nyumba yopanda mtembo. Mayi wa malemu amaonetsedwa pa WhatsApp chithunzi cha mulu wa dothi lofiira, ndipo amafunsa wina amuwerengere nambala yolembedwa kumutu kwake.