Funso la mmbulu, mbuzi ndi kabichi

Funso la mmbulu, mbuzi ndi kabichi ndi limodzi mwa mafunso akale opima nzeru omwe amakamba za kuwoloka mtsinje. Amaliyika m'gulu la masamu, koma mulibe kuwonkhetsa kapena kuchotsera; chofunika ndi kudziwa choyamba ndi chotsatira. N'chifukwa chake mwana wa ku pulayimale amatha kulipeza msanga kuposa munthu wamkulu wophunzira.

Mmene funsoli lilili

Mlimi wafika pamtsinje ali ndi mmbulu, mbuzi ndi kabichi. Bwato lomwe lili padooko ndi laling'ono, limanyamula iye ndi chinthu chimodzi basi. Mmbulu ukatsala ndi mbuzi popanda mwini wake uidya, ndipo mbuzi ikatsala ndi kabichi imudya. Kodi awolotsa bwanji zonse zitatu osataya kanthu?

Yankho

Ulendo woyamba ndi wosavuta: mbuzi ndiyo iyenera kuyamba, poti mmbulu sudya kabichi. Mlimi abwerera yekha n'kutenga mmbulu. Apa ndi pomwe anthu ambiri amakanirira. Akasiya mmbulu kutsidya kuja n'kubwerera kukatenga kabichi, mbuzi yadyedwa. Akadayamba ndi kabichi, kabichiyo ndiye akadadyedwa. Ena amafika ponena kuti funsoli lilibe yankho, chifukwa m'maganizo mwawo chinthu chikawoloka ndiye kuti chawoloka. Komatu palibe lamulo loletsa kubweza katundu. Mlimi atsitsa mmbulu, akweza mbuzi n'kubwerera nayo, aisiya padooko, awolotsa kabichi, abwerera yekha, kenaka awolotsa mbuzi kachiwiri. Maulendo onse ndi 7, ndipo sangachepere apa. Njira zachidule zilipo ziwiri zokha, zosiyana pa chomwe chatengedwa paulendo wachitatu, mmbulu kapena kabichi.

Mbiri yake

Funsoli likupezeka m'buku la Chilatini lotchedwa Propositiones ad Acuendos Juvenes, la mafunso oposa 50 onolera nzeru za achinyamata. Ambiri amakhulupirira kuti adalilemba ndi Alcuin wa ku York, ku England, yemwe ankaphunzitsa kunyumba ya mfumu Charlemagne ndipo adamwalira m'chaka cha 804. M'buku lomwelo muli funso lina lovutirapo la amuna atatu, aliyense ndi mlongo wake, omwe bwato lawo limanyamula anthu awiri, ndipo palibe mkazi wololedwa kukhala pamodzi ndi mwamuna wina mlongo wake palibe. Patapita zaka, funsoli lidasanduka la amuna atatu ansanje ndi akazi awo. Limatheka ndi maulendo 11, koma mabanja akakhala anayi silithekanso, pokhapokha pakati pa mtsinje patakhala chilumba chotsitsirapo anthu.

Mu Africa

Mafunso ofanana ndi ili amapezeka m'nthano za mitundu yambiri, ndipo nyama zake zimasintha malinga ndi dera: kwina ndi nkhandwe, tsekwe ndi nyemba, kwina kambuku, mbuzi ndi masamba. M'chaka cha 1990 katswiri wa masamu wa ku America, Marcia Ascher, adafanizira mitundu ya funsoli ndipo adaonetsa kuti ina ya mu Africa ili ndi malamulo akeake, monga bwato lonyamula zinthu ziwiri m'malo mwa chimodzi.

Wochititsa chidwi kwambiri ndi mtundu wa anthu a Chiila a ku Zambia. Munthu wa m'nthano yawo ali ndi zinthu zinayi: kambuku, mbuzi, khoswe ndi dengu la mbewu, koma bwato limanyamulabe chimodzi. Pamenepa masamu amakaniratu paulendo woyamba pomwe. Akatenga mbuzi, khoswe atsala ndi mbewu. Akatenga khoswe kapena dengu, kambuku atsala ndi mbuzi. Akatenga kambuku, mbuzi itsala ndi mbewu. Atalolera kutaya khoswe, funsoli lingasanduke lija la zinthu zitatu n'kutheka bwinobwino. Munthuyo amaganizira zotaya chiweto chimodzi, koma poona kuti zonse zili ngati ana ake, amasankha kusawoloka. Kwa wamasamu limeneli si yankho, komabe likuonetsa kuti okamba nthanoyi ankadziwa kuti njira palibe.

Ntchito yake masiku ano

Aphunzitsi a sayansi ya kompyuta amakonda funsoli chifukwa n'losavuta kulijambula. Mlimi, mmbulu, mbuzi ndi kabichi, chilichonse chingakhale tsidya lino kapena tsidya lija, choncho makhalidwe onse otheka ndi 16. Mwa amenewa, 6 ndi oti china chidyedwa, ndiye otsala ndi 10. Munthu akalemba 10 amenewa papepala n'kulumikiza ndi mzere awiri aliwonse osiyana ndi ulendo umodzi wa bwato, yankho limangokhala njira yochokera poyambira kukafika pothera. Pulogalamu ya kompyuta imatsata mizere yomweyi mpaka itapeza njira yaifupi.