Satyagraha: Opera ya Philip Glass Yokamba za Gandhi ku Johannesburg

Satyagraha ndi sewero loyimba, la mtundu wa opera, lomwe adapeka ndi a Philip Glass, katswiri wa ku America yemwe adabadwira ku Baltimore m'chaka cha 1937. Lidaonetsedwa koyamba pa 5 September 1980 mumzinda wa Rotterdam, ku Netherlands. Limakamba za nthawi yomwe a Mohandas Gandhi adakhala ku South Africa, kuyambira 1893 mpaka 1914, ndipo zochitika zitatu mwa zisanu ndi ziwiri za m'seweroli ndi za ku Johannesburg ndi madera oyandikana nawo.

Dzina loti satyagraha limatanthauza kugwiritsitsa choonadi. Ndi njira yokanira lamulo lopondereza popanda chiwawa, wokanayo akulolera kumangidwa. Njirayi idayambira ku Johannesburg pa 11 September 1906, pomwe Amwenye pafupifupi 3,000 adasonkhana mu Empire Theatre nalumbira kuti sadzamvera lamulo la ku Transvaal lowakakamiza kulembetsa mayina, kudinda zala ndi kuyenda ndi ziphaso. Pa 16 August 1908 adatentha ziphaso zoposa 2,000 panja pa mzikiti wa Hamidia. M'chaka cha 1910 a Hermann Kallenbach adapereka munda wa maekala 1,100 kufupi ndi Lawley kuti mabanja a omangidwa apeze pokhala, ndipo malowo adatchedwa Tolstoy Farm. Seweroli limathera pa ulendo wa ogwira ntchito m'migodi ya malasha ya ku Newcastle, omwe mu 1913 adayenda pansi kulowa mu Transvaal pokana msonkho wa mapaundi atatu.

Mawu oyimbidwa si zolankhula za a Gandhi. Mayi Constance DeJong adawasankha m'buku la Chihindu la Bhagavad Gita, ndipo amayimbidwa m'chinenero cha Sanskrit. Gawo lililonse mwa magawo atatu lili ndi dzina la munthu: Leo Tolstoy, Rabindranath Tagore ndi Martin Luther King Jr. Anthuwa amaoneka pabwalo koma satulutsa mawu.

Pa zoyimbira, a Glass adadalira za zingwe ndi zitoliro, nasiya malipenga ndi ng'oma, zomwe kawirikawiri zimamveka m'nyimbo za nkhondo. Kachidutswa kakafupi ka nyimbo kamabwerezedwa kambirimbiri, kakusintha pang'onopang'ono, kotero kuti womvera amafunika kudekha monga adachitira otsutsa lamulo aja. Kapekedwe kameneka kadachokera ku zomwe a Glass adaphunzira pogwira ntchito ndi a Ravi Shankar ku Paris cha m'ma 1965.

Satyagraha ili pakati pa Einstein on the Beach (1976) ndi Akhnaten (1984), masewero a Glass okamba za anthu omwe adasintha kaganizidwe ka dziko. Idaonetsedwanso ku English National Opera ku London mu 2007 ndi ku Metropolitan Opera ku New York mu 2008.

Mwa anthu otchulidwa mayina omwe amayimba m'seweroli mulibe munthu wakuda wa ku South Africa, ngakhale kuti anthu akuda nawonso adazunzika ndi malamulo a ziphaso. Zolemba zina za a Gandhi za nthawiyo zidanyoza anthu akuda, ndipo mkangano wa nkhaniyi udafika ku Malawi mu 2018, pomwe bwalo lalikulu la milandu lidaimitsa ntchito yomanga chiboliboli chawo ku Blantyre.