Mpira ndi Kulera Achinyamata ku Nhartanda

Chigwa cha Nhartanda, mu mzinda wa Tete, chimadziwika chifukwa cha madimba ake ndi zitsime zomwetsa anthu a mu mzindawo. Koma pokumbukira zaka zana za parishi nkoyenera kutchulanso mabwalo afumbi, pamene ana amathamangitsa mpira wansanza dzuwa likapepa.

Ansembe a Chiyezuiti atakhazikitsa mishoni ya Boroma m'chaka cha 1885, sukulu za mishoni zinayamba kufalikira m'mbali mwa Zambezi. M'kupita kwa zaka mpira unalowa m'sukuluzo, ndipo aphunzitsi anaona kuti mwana wothawa katekisimu sathawa bwalo. Dayosizi ya Tete inakhazikitsidwa mu 1962. Mu 1975 boma la ufulu linatenga sukulu zonse, motero masewera a ana anachoka m'manja mwa Mpingo. Pambuyo pake kunadza nkhondo yapachiweniweni, imene inabalalitsa mabanja ambiri kunka ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, kufikira pamene mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ana obwerako ku misasa ya othawa nkhondo anakumana pa bwalo limodzi ndi ana a iwo amene anatsala, ndipo posankhana m'matimu sankafunsana za mbali imene makolo awo anatsata.

Zipatso zooneka zilipo. Timu ya Chingale inaimirira mzinda wa Tete mu mpikisano wa Moçambola, ndipo União Desportiva do Songo inatenga ukatswiri wa dziko mu 2017 ndi 2018. Maria de Lurdes Mutola, amene anayamba ndi kusewera mpira pamodzi ndi anyamata ku Maputo, anapambana mendulo ya golide pa liwiro la mamita 800 ku Sydney mu 2000, nakhazikitsa bungwe lothandiza achinyamata mwa masewera ndi maphunziro.

Komabe chikho sindicho muyeso wokwanira. Mwa ana ochuluka osewera m'chigwa, odzadya za mpira ndi owerengeka, ndipo wosiya sukulu poyembekeza ulemererowo amatsala manja ali m'khosi. Tsono ntchito yotere iyesedwe ndi mafunso atatu. Kodi osewera akupitiriza sukulu? Kodi atsikana, amene madzulo amakhala ali kumadzi ndi kumoto, apatsidwa nthawi yawo pa bwalo? Kodi opereka mipira ndi mayunifolomu akachoka, timu imakhalapobe? Pamene makolo ndi miphakati agwira okha ntchitoyo, imalimba; pamene yatsamira pa alendo, imafota thandizo likatha.

Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba. Akhristu a m'zaka zana zikudzazi adzafunsidwa ngati anasunga malo osewerera pamene nyumba zikuchuluka, ndiponso ngati anapeza akulu okhulupirika oima pambali pa bwalo, odziwa mwana aliyense ndi dzina lake ndi kalasi yake.