Malasha, Njereza ndi Njerwa: Chiyambi cha Makomboni a Lusaka

Mzinda wa Lusaka sunabadwe chifukwa cha mtsinje waukulu, kapena mgodi wa mkuwa, kapena bwalo la mfumu yomveka, koma chifukwa cha sitima ya pamtunda yoyenda ndi moto wa malasha, imene inkafuna malo opatukirapo kuti inzake idutse. Njanji yochokera ku Bulawayo itafika ku migodi ya malasha ya Wankie mu 1903, niwoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls mu 1905, omanga ake anaithamangitsira kumpoto kulinga ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Ndipo m'chaka chomwecho cha 1905 anaika kasiteshoni pachidikha cha miyala pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, osalota n'komwe kuti pofika 1935 bwanamkubwa adzasamuka ku Livingstone kudzakhazika likulu la dziko pomwepo.

Moto umene unkakoka sitimazo, ndi kusungunula mkuwa ku Nkana ndi ku Mufulira, unkachokera ku Wankie, tsidya lija la Zambezi. Ndipo mwa amuna amene ankatsikira kumdima kukakumba malashawo munali ambiri a chilankhulo chathu, ochokera ku Fort Jameson, ku Petauke, ku Nyasaland ndi ku Tete, amene msonkho wa atsamunda unawatulutsa m'midzi ya makolo awo. Ena anabwerera ndi njinga ndi bulangete, ena anasanduka machona, ndipo ena nthaka inawameza, monga zinachitika pa 6 Juni 1972, pamene mpweya woipa unaphulika mumgodi wachiwiri wa Wankie nupha anthu 427, mwa iwo ana a Zambia, a Malawi ndi a Mozambique. Motero munthu wa kum'mawa anali kunsonga zonse ziwiri za njanji: mkulu akukumba malasha kumwera, mng'ono wake akuwatsitsa ndi fosholo pasiteshoni ya Lusaka.

Chuma choyamba cha Lusaka chinali mwala umene mzindawu wakhalapo. Pansi pa dothi lopyapyala la kumadzulo ndi kumwera kwa njanji pali thanthwe la njereza, ndipo azungu oyamba ataona ichi anamanga mauvuni. Wodziwika pakati pawo anali Mtaliyana wina, G. B. Marrapodi, amene dzina lake likali pa komboni ina kufikira lero. Ntchitoyo inali yowawa: amuna ankang'amba thanthwe ndi nyundo ndi mgwala, nasanja miyala m'uvuni mosinthanitsa ndi nkhuni kapena malasha, nasonkhezera moto usana ndi usiku kufikira mwala utapsa, kenaka nauthira madzi kuti ufumbutuke, fumbi lake likuwatentha m'maso ndi kuwang'amba zikhatho. Likulu litasamukira kuno, njala ya njereza, njerwa ndi miyala yophwanya inakula koposa, ndipo mu 1949 kunakhazikitsidwa fakitale ya simenti ku Chilanga, kumwera kwa mzinda, imene uvuni wake waukulu unkadya malasha osaleka.

Koma amene anajambula mapu a likulu latsopanolo, ngakhale anayeza bwino misewu yotakata ndi mayadi a maluwa ku Ridgeway, sanaganize zakuti omanga mzindawo adzafunanso pogona pokhalitsa. M'maso mwa lamulo, munthu wakuda anali mlendo m'tauni: ankayenda ndi chitupa, ankagona m'nyumba ya bwana wake malinga ngati ntchito ilipo, ndipo ntchito ikatha anayenera kubwerera kumudzi. Makontrakitala ankaloledwa kumanga misasa ya antchito awo pafupi ndi pogwirira ntchito, eni mafamu a m'mphepete mwa mzinda nawonso ankalola anthu kumanga pamalo awo polipira kangachepe mwezi ndi mwezi. Ndipo ntchito itatha, bwana atapita, anthu aja sanapite. Ndicho chifukwa chake mapu a Lusaka ali odzala ndi maina a olemba anthu ntchito: John Howard ndi John Laing anali makampani omanga, George inatenga dzina la George Hadjipetrou, amene anali ndi malo ndi ntchito youmba njerwa kumeneko, Chawama, imene inamera pakati pa maenje okumbamo miyala, poyamba inkatchedwa komboni ya Roberts. Monga ana a Israyeli m'dziko la Aigupto, anthu amenewa anaumba njerwa zomangira mzinda umene sunawawerenge ngati eni ake.

Matero mbiri yake ndi yosiyanako. Lamulo la 1948 lokhudza nyumba za anthu akuda m'matauni litavomereza kuti wantchito akhale ndi mkazi wake ndi ana ake, khonsolo inamanga Matero kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, moyandikana ndi dera la mafakitale, kuti munthu azifika pachipata cha ntchito ndi miyendo kapena panjinga belu lisanalire. Komabe nyumbazo zinali zochepa poyerekeza ndi khamu limene linkatsika m'malole a mumsewu wa Great East, ndipo osowa malo ankapita kwa abale awo ku Kanyama ndi ku Kalingalinga, kumene munthu ankadzimangira yekha ndi zidina, mitengo ndi malata a migolo.

Nanga magetsi? Poyamba magetsi ochepa a mzindawu ankapangidwa mumzinda momwemo, ndipo ankathera m'masitolo a mu Cairo Road, m'maofesi ndi m'mayadi. Pakati pa 1955 ndi 1959 boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland linatseka Zambezi pa Kariba, pogwiritsa ntchito simenti yambiri ya ku Chilanga, ndi kusamutsa Atonga oposa 50,000 m'chigwa cha makolo awo; ndipo kuyambira pamenepo mphamvu ya madzi inayamba kulanda ufumu wa malasha, makamaka bungwe la ZESCO litakhazikitsidwa mu 1970 ndi malo opangira magetsi a Kafue Gorge atatsegulidwa. Koma nthambo zinadutsa pamwamba pa makomboni osatsikira pansi, kotero kuti amene anapakira simenti ya Kariba anapitiriza kuwerenga makalata a kumudzi pa kuwala kwa koloboyi, akazi awo naphika nsima pambaula ya makala a mitengo, monga ambiri achitirabe lero lino.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo Zambia inaona choonadi cha mawu amenewa pa 11 Novembala 1965, pamene Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia mopandukira Britain. Dziko limene linali litangodzilamulira chaka chimodzi linazindikira kuti moto wa migodi yake uli m'manja mwa mdani. Boma la Kenneth Kaunda linafulumira kutsegula mgodi wa malasha ku Nkandabwe mu 1966, ndipo pambuyo pake wa ku Maamba, m'chigwa cha Gwembe, chomwe chija cha Atonga. Motero pamene malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa mu 1973, mauvuni a dziko lino sanazime.

Ufulu unachotsa chitupa, ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka mochuluka kotero kuti boma linasowa chochita ndi makomboni. Linayesa kugwetsa, linayesanso kusamutsa, monga pamene linatsegula Mtendere mu 1967 ndi kugawa mapuloti kuti anthu adzimangire okha. Koma potsiriza, ndi lamulo la 1974, linavomereza kuti midzi imeneyi sidzachoka, niliyamba kupereka zikalata zokhalira pamalo zaka 30, ndipo ndi thandizo la World Bank linalowetsa mipope ya madzi ndi misewu ku George ndi ku Chawama. Chimene lamulo silinathe kukonza ndi nthaka yokumbidwa ija. Madzi saiwala khwawa: thanthwe la njereza lili pafupi, maenje akale amadzala msanga, ndipo chigumula cha ku Kanyama cha 1978, chimene chinagwetsa nyumba zambiri, chakhala chikubwereza m'zaka za mvula yochuluka, kolera ikutsata pambuyo pake. M'mphepete mwa misewu ya kumeneko amayi akali kuphwanya miyala ndi nyundo, nagulitsa pa wilibala, ndiyo ntchito yakale ija yopanda bwana, yopandanso malipiro a pamwezi.

Ngakhale malasha amene tinkayesa kuti nthawi yawo inatha abweranso. Pakuti chilala chitachepetsa madzi a Kariba, ku Maamba kunatsegulidwa mu 2016 malo opangira magetsi a mamegawati 300 otentha malasha, ndipo m'chilala cha 2024 ambiri anawayamika.

Dziko lathu ladziwa kulemekeza ankhondo a ufulu, ndipo lachita bwino: nyumba nambala 394 ku Chilenje, m'mene munakhala Kaunda, imasungidwa monga chuma cha fuko, ndipo sitima zakale za malasha zaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ku Livingstone. Koma wotentha njereza, woumba njerwa ndi wotsitsa malasha alibe chikumbutso china koma dzina la bwana wake pa komboni ndi dzenje la madzi obiriwira kuseri kwa nyumba. Nkhalamba zimene zinagwira ntchitozo zatsala zowerengeka; chifukwa chake kuyenera kuti aphunzitsi a m'makomboni, mipingo ndi bungwe losunga zakale la dziko lino atume achinyamata kukakhala pamapazi awo ndi kulemba zimene akumbukira: uvuni unali pati, kapitawo anali yani, tikiti ya ntchito inkalipidwa motani, ndi nyimbo zotani zinkaimbidwa pong'amba thanthwe. Akatero, mwana wobadwira ku George kapena ku Kanyama adzaphunzira kusukulu kuti agogo ake sanabwere kudzapempha malo mumzinda wa eni, koma kuti ndiwo anaumanga.