Mbiri ya Magalimoto Owonjezeredwa Mphamvu ndi Malamulo a Liwiro ku California

Kum'mwera kwa chigawo cha California, m'dziko la America, ndi kumene kunakhwimira mwambo wotenga galimoto wamba, kuichotsa zolemetsa zonse ndi kuisintha injini kuti izithamanga kuposa mmene eni fakitale anaikonzera. Galimoto yotere imatchedwa hot rod, ndipo mbiri yake, yomwe yatenga zaka pafupifupi 100, yakhala ya kukokanakokana pakati pa achinyamata ndi amakaniko okonda liwiro, apolisi ndi makhoti omwe udindo wawo ndi kuteteza oyenda pamsewu, komanso anthu okhala m'mphepete mwa misewuyo. Chomwe chimaoneka mobwerezabwereza m'mbiriyi n'chakuti mkanganowu unkazizira pamene okonda liwiro apatsidwa malo awoawo oyang'aniridwa bwino, ndipo unkabukanso pamene malowo atsekedwa n'kungotsala chindapusa ndi ndende.

Mwambowu unaphuka chifukwa cha kuchuluka kwa magalimoto otchipa. Kampani ya Ford inapanga magalimoto a mtundu wa Model T oposa 15 miliyoni kuyambira mu 1908 mpaka mu 1927, kotero kuti pa nthawi ya umphawi waukulu wa m'zaka za m'ma 1930 mnyamata wa ndalama zochepa ankatha kugula yakutha pamtengo wozizira, n'kuichotsa madigadi, denga ndi galasi lakutsogolo kuti ipepuke. Mu 1932 kampaniyo inatulutsa injini ya V8, yokhala ndi masilinda asanu ndi atatu oyalidwa m'mizere iwiri, yomwe inali yosavuta kuimasula ndi kuisintha. Popeza injini imapeza mphamvu potentha petulo wosakanikirana ndi mpweya m'masilinda, amakaniko ankafunafuna njira zolowetsera zambiri ndi kuzitulutsa msanga zikapsa. Ankaika makabuleta awiri kapena atatu pomwe panali imodzi, ankapala mutu wa injini kuti mpweya uzipanikizika kwambiri, ankasula mwatsopano camshaft, womwe ndi mtanda wachitsulo wotsegula ndi kutseka mavalavu, ndiponso ankakuza mapaipi otulutsira utsi. Amisiri monga Ed Winfield, Vic Edelbrock ndi Ed Iskenderian anayamba ndi kukonza magalimoto awo omwe, kenako n'kumagulitsa zipangizozo kwa anzawo, ndipo umu ndi mmene malonda a zida zowonjezera mphamvu anabadwira.

Magalimotowa ankayesedwa m'chipululu cha Mojave, kumpoto kwa mzinda wa Los Angeles, kumene kuli nyanja zouma monga Muroc, Harper ndi El Mirage, zomwe pansi pake ndi dothi lolimba losalala lotambalala makilomita ambiri. Poyamba kunalibe dongosolo lenileni, moti magalimoto ambiri ankanyamuka pamodzi m'fumbi loti dalaivala sankaona mnzake, ndipo ovulala ankakhala kutali ndi chipatala. Pofuna kuthetsa chisokonezochi, makalabu angapo anagwirizana mu 1937 kukhazikitsa bungwe la Southern California Timing Association, lomwe linagawa magalimoto m'magulu, linayamba kuwayendera asanaloledwe kuthamanga, ndi kuyeza liwiro la iliyonse ndi mawotchi odalirika. Apa ndi pamene okonda liwiro anayamba kudziikira malamulo okha, boma lisanawakakamize. Komabe asilikali a dzikolo anatenga nyanja ya Muroc kuti ikhale malo a ndege zankhondo, omwe lero amatchedwa Edwards Air Force Base, ndipo mipikisano inaima pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Kukayikirana pakati pa madalaivala ndi apolisi kunayamba kale hot rod isanatchuke. Madalaivala ankadandaula kuti matauni ena ankabisa apolisi m'mbali mwa msewu pa mtunda woyezeratu, n'kumawerenga nthawi yomwe galimoto yatenga podutsa, cholinga chili kutolera ndalama za chindapusa m'malo moteteza miyoyo. Dandauloli linamveka kwa opanga malamulo, ndipo mu 1923 California inaletsa misampha yotere, n'kulamula kuti umboni wopezeka mwa njirayi usamalandiridwe kukhoti. Mu 1929 kunakhazikitsidwa gulu la apolisi a m'misewu ikuluikulu lotchedwa California Highway Patrol, lomwe linkayenda ndi yunifolomu ndi magalimoto odziwika, potsatira ganizo lakuti wapolisi woonekera amachititsa madalaivala kuchepetsa liwiro ngozi isanachitike. Lamulo la misampha lidakalipo mpaka lero, ndipo pa misewu yambiri wapolisi sangadalire chipangizo cha rada pokhapokha ngati malire a liwiro a msewuwo anaikidwa potsatira kafukufuku wa akatswiri a zamisewu.

Nkhondo itatha mu 1945, anyamata ambiri anabwerera kwawo ali ndi luso lokonza injini za ndege ndi akasinja, ali ndi ndalama m'thumba, koma malo othamangirako anali ochepa ndiponso akutali. Zotsatira zake zinali mipikisano ya usiku m'misewu ya kunja kwa Los Angeles, ngozi zoopsa, ndi nkhani za m'nyuzipepala zomwe zinachititsa kuti dzina la hot rod lizimveka ngati la zigawenga. Atsogoleri a makalabu anaona kuti ngati sachitapo kanthu boma lidzaletsa magalimotowa kotheratu. Mu Januwale 1948 anakonza chionetsero mu Los Angeles kuti anthu adzionere okha luso lomwe linali m'magalimotowo, ndipo mwezi womwewo Robert Petersen anatulutsa magazini ya Hot Rod, yomwe Wally Parks anadzakhala mkonzi wake. Parks anathandizanso kuyambitsa mipikisano ya pachaka pa chigwa cha mchere cha Bonneville, m'chigawo cha Utah, mu 1949.

Yankho lenileni la vuto la m'misewu linapezeka pafupi ndi kwawo. Mu 1950 C. J. Hart anayamba kuchititsa mipikisano Lamlungu lililonse pa msewu wa ndege wa ku Santa Ana, ndipo mtundu wa mpikisanowu, wotchedwa drag racing, unali wosavuta kuumvetsa: magalimoto awiri amaima pamzere umodzi, amanyamuka pamodzi, ndipo wopambana ndi amene wayamba kumaliza mtunda wowongoka wa mamita 402. Chaka chotsatira Parks anakhazikitsa bungwe la National Hot Rod Association, lodziwika ndi zilembo za NHRA, n'cholinga chochotsa mpikisano m'misewu ya anthu onse. Mu mzinda wa Pomona, mkulu wa apolisi Ralph Parker ndi wapolisi wake Bud Coons anasankha kugwira ntchito ndi achinyamata m'malo mongowathamangitsa, ndipo anawathandiza kupeza malo pa bwalo la zionetsero la Los Angeles County, pomwe mpikisano woyamba wovomerezedwa ndi NHRA unachitikira mu Epulo 1953. Kuyambira mu 1954 Coons anatsogolera kagulu koyendayenda m'dziko lonse, komwe kankakumana ndi apolisi ndi akuluakulu a matauni ndi kuphunzitsa makalabu kayezedwe ka nthawi, kayenderedwe ka magalimoto ndi kakonzedwe ka inshuwalansi. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Great Bend, m'chigawo cha Kansas, mu 1955, chaka chomwechonso makalabu a Lions anatsegula bwalo pafupi ndi Long Beach pa chifukwa chomwecho chopulumutsa achinyamata.

Mabwalowa sanathetse imfa, koma anachititsa kuti ngozi iliyonse ifufuzidwe ndi kusanduka phunziro. Zipewa zolimba, malamba, zitsulo zotchinga dalaivala galimoto ikagubuduka, ndi zovala zosagwira moto zinakhala zokakamiza. Mu 1970 bokosi la magiya la galimoto ya dalaivala Don Garlits linaphulika pa bwalo la Lions n'kumudula mbali ya phazi, ndipo atachira anapanga galimoto yokhala ndi injini kumbuyo kwa dalaivala, kapangidwe komwe anzake onse anatengera m'zaka zochepa. Dalaivala wina, Scott Kalitta, atafa pa ngozi mu 2008, NHRA inafupikitsa mtunda wa magulu othamanga kwambiri kufika pa mamita pafupifupi 305, ngakhale kuti magalimotowo amapyolabe makilomita 500 pa ola. Kusintha kotere sikungachitike pa mpikisano wa usiku mumsewu, pomwe ngozi ikachitika aliyense amathawa.

Lamulo linafikanso pa kasinthidwe ka galimoto yeniyeniyo. Achinyamata ochokera m'mabanja a ku Mexico anali ndi mwambo wawo wa lowrider, wotsitsa galimoto pafupi ndi nthaka ndi kuiyendetsa pang'onopang'ono kuti anthu aione kukongola. Mu 1958 California inaletsa kutsitsa galimoto mopyola m'munsi mwa limu ya tayala, ndipo eni magalimotowa anayankha poika mapampu a mafuta ochokera ku ndege, omwe ankakweza galimoto wapolisi akaonekera ndi kuitsitsa akadutsa. Ambiri a iwo ankaona kuti lamuloli limalimbana ndi mtundu wawo osati ngozi, ndipo linachotsedwa mu 2023. Utsi womwe unkaphimba Los Angeles unabweretsa malamulo ena olimba. Bungwe loona za mpweya la California Air Resources Board linakhazikitsidwa mu 1967, lamulo la dziko lonse la mpweya wabwino linakhwimitsidwa mu 1970, ndipo kuchotsa kapena kusokoneza zipangizo zochepetsa utsi pa galimoto yoyenda mumsewu kunakhala mlandu. Opanga zida, omwe anali atakhazikitsa bungwe lawo la SEMA mu 1963, anatsata njira yokambirana ndi boma, moti lero chida chowonjezera mphamvu chimaloledwa mumsewu ngati chayesedwa n'kupezeka kuti sichichulukitsa utsi, pamene zina zimagulitsidwa zongogwiritsa ntchito pabwalo la mpikisano.

Chomwe chinawononga kwambiri ubale wa madalaivala ndi apolisi chinali lamulo la mu Januwale 1974, pamene boma la pulezidenti Richard Nixon, pofuna kupulumutsa mafuta omwe anasowa, linaika malire a makilomita 89 pa ola m'dziko lonse. Misewu yambiri inali itamangidwira liwiro loposa pamenepo, choncho anthu ochuluka, ngakhale osakonda mipikisano, anayamba kuswa lamulo tsiku ndi tsiku, kugula zipangizo zochenjeza za rada ndi kuuzana pa wailesi za m'galimoto pomwe apolisi aima. Malirewo anakwezedwa kufika pa makilomita 105 pa ola m'misewu ina ya kumidzi mu 1987, ndipo lamulolo linathetsedwa mu 1995. Kuchokera pa nthawiyi okonda magalimoto ambiri akhala akunena kuti malire osagwirizana ndi kamangidwe ka msewu amaphunzitsa anthu kupeputsa malamulo onse.

Pa nthawi yomweyo mabwalo anayamba kutha, chifukwa mizinda inakula n'kuwazungulira, anthu oyandikana nawo anadandaula za phokoso, ndipo malo anakwera mtengo. Bwalo la Lions linatsekedwa mu 1972, la Ontario mu 1980, la Orange County mu 1983, ndi la Riverside mu 1989. Willie Robinson, wodziwika kuti Big Willie, yemwe pambuyo pa zipolowe za mu 1965 za ku Watts, dera la mu Los Angeles, anagwiritsa ntchito mipikisano kuyanjanitsa achinyamata a mitundu ndi magulu odana, anapeza malo pa chilumba cha Terminal Island mothandizidwa ndi mfumu ya mzinda wa Los Angeles, Tom Bradley, koma bwalolo linkatsegulidwa ndi kutsekedwa mpaka linatheratu mu 1995. M'zaka zomwezo mbadwo watsopano unali utayamba kusintha magalimoto aang'ono a ku Japan monga Honda Civic, ndipo kanema wa The Fast and the Furious wa mu 2001 anafalitsa chithunzi cha mpikisano wa mumsewu padziko lonse. Boma la California linayankha ndi malamulo olola apolisi kulanda galimoto kwa masiku 30, ndipo mu 2023 linaloleza mizinda isanu ndi umodzi kuyesa makamera ojambula othamanga. Bwalo la Irwindale, limodzi mwa ochepa otsala pafupi ndi Los Angeles, linatsekedwa kumapeto kwa 2024.

Maganizo a okonda magalimoto m'mbiri yonseyi sali amodzi. Ena amaumirira kuti galimoto yokhala ndi mabuleki ndi matayala abwino, m'manja mwa dalaivala waluso, ingathamange popanda choopsa, ndi kuti apolisi ayenera kulimbana ndi oledzera ndi osasamala. Ganizoli lili ndi polekezera, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi, ndipo luso la dalaivala silingasinthe zomwe mwana wodutsa msewu kapena woyenda pa njinga angachite mwadzidzidzi. Mu 2022 anthu oposa 12,000 anafa ku America pa ngozi zomwe liwiro linatengapo mbali, ndipo ambiri mwa iwo sanasankhe kulowa mu mpikisano uliwonse. Ena, otsatira mzere wa Parks ndi Coons, amavomereza kuti msewu ndi wa onse ndipo wothamangitsana pamenepo ayenera kulangidwa, koma amafunsa kuti wachinyamata amene wamanga injini ndi manja ake akaiyesere kuti. Mbiri ya California ikusonyeza kuti mbali yachiwiriyi ndi imene inapulumutsa miyoyo yambiri ndi kusandutsa chinthu choopedwa kukhala masewera ndi ntchito ya amisiri zikwizikwi. Mzinda umene ukutseka mabwalo uku ukuchulukitsa makamera ndi zilango ukugwira theka la ntchito yomwe apolisi a ku Pomona anaigwira yonse, ndipo udindo wopereka theka linalo uli m'manja mwa akuluakulu a mizinda, eni malo ndi makalabu a okonda magalimoto.