White balance

White balance ndi njira imene kamera imakonzera mitundu kuti chinthu choyera chioneke choyeradi pachithunzi kapena pavidiyo. Maso a munthu amazolowera okha kuwala kwa mtundu uliwonse, koma kamera imafunika kuuzidwa.

Mtundu wa kuwala umayezedwa mu Kelvin, muyezo umene unatenga dzina la katswiri wa sayansi William Thomson, wodziwikanso kuti Lord Kelvin. Kandulo imapereka pafupifupi 1,900K, kuwala kofiirira. Babu lakale lamagetsi limapereka 2,700K, dzuwa lamasana 5,500K, ndipo pamthunzi nambala imatha kupitirira 7,000K, kuwala n'kupendekera ku buluu.

Kamera ikasiyidwa pa Auto imangoyerekeza, ndipo mtundu umodzi ukachuluka imasokonezeka. Mwachitsanzo, pojambula akwati patsogolo pa makoma a njerwa zofiira, ngati a tchalitchi cha Embangweni kumwera kwa boma la Mzimba, kamera imayesa kuchepetsa kufiirako, diresi la mkwatibwi n'kutuluka lobiriwira ngati thambo. Njira yodalirika ndi kujambula kaye pepala loyera pamalo omwewo, kenako n'kuuza kamera kuti kuyera ndi kumeneko. Wojambula mu RAW amatha kukonza zimenezi pambuyo pake pakompyuta.